Buku la galimoto yanu lili ndi mwini wake, ndipo amalipiritsa

Nyali yachikasu yooneka ngati injini ikayaka pa dashibodi, makaniko amatenga sikana yake n'kuilumikiza pa kabowo ka mano 16 kamene kamakhala kunsi kwa chiwongolero. Pakapita kamphindi pamatuluka nambala, tinene P0171. Mwini galimoto amaona ngati nkhani yatha, kompyuta yanena. Komatu nambala imeneyi ikungoti injini ikulandira mpweya wochuluka kuposa mafuta. Chifukwa chake sikutchula. Mwina paipi ina yang'ambika ndipo ikuyamwa mpweya wakunja, mwina sensa yoyeza mpweya yada, mwina pampu ya mafuta yatopa, mwina mainjekita atsekeka. Makaniko amene safuna kumangosintha zitsulo mwachimbulimbuli ayenera kudziwa kuti pa injini imeneyo pampu imakankha mafuta ndi mphamvu yanji, waya wa mtundu uti ukupita pa phini iti, komanso ngati kampani idachenjezapo kale kuti vutoli n'lodziwika pa magalimoto a chaka chimenecho. Zonsezi zili m'manja mwa kampani imene idapanga galimotoyo, ndipo sizaulere.

Apa ndi pamene pali mkangano umene watha zaka zoposa 30 ku America, ndipo udafalikira ku Ulaya, ku Australia mpaka ku South Africa. Mbali zake ndi zitatu: makampani opanga magalimoto, madila amene makampaniwo adawavomereza kugulitsa ndi kukonza magalimoto awo, ndi magalaji oima paokha, amene amalandira galimoto iliyonse yolowa pageti. Kale funso linali lakuti kodi galaji yoima payokha ili ndi ufulu woona malangizowo. Funso limenelo m'maiko ambiri olemera lidayankhidwa: inde. Chimene sichidathe ndi mtengo wake, ndipo n'chimene chimagamula ngati ufuluwo uli ndi phindu kapena ndi wa papepala chabe.

Utsi ndiwo udatsegula chitseko

Kompyuta sidalowe m'galimoto pofuna kuvutitsa amakaniko. Idalowa chifukwa cha malamulo ochepetsa utsi. Kabyuleta siikadatha kusakaniza mafuta ndi mpweya molondola monga malamulo a ku California ndi a boma la America ankafunira, motero m'zaka za m'ma 1980 ntchitoyo idapita kwa kompyuta ndi masensa. Kampani iliyonse idapanga kabowo kakekake, chilankhulo chakechake, chida chakechake chowerengera. Galaji yofuna kukonza Ford, Toyota ndi Chevrolet inkafunika zida zitatu zosiyana, ngati kampaniyo inkalola n'komwe kuigulitsa.

Boma lidaona kuti galimoto yosakonzeka imatulutsa utsi woipa, ndipo madila okha sangakonze magalimoto a dziko lonse. Mu 1990, pokonzanso lamulo loteteza mpweya lotchedwa Clean Air Act, nyumba ya malamulo ya America idalamula makampani kupereka kwa wokonza aliyense malangizo okhudza utsi. Kuyambira magalimoto a 1996, galimoto iliyonse yogulitsidwa ku America idayenera kukhala ndi kabowo kofanana kaja, dongosolo lotchedwa OBD-II. Ulaya idatsatira, magalimoto a petulo mu 2001, a dizilo patapita zaka zochepa. N'chifukwa chake kasikana kotchipa kogula pa intaneti kamatha kuwerenga manambala oyamba ndi P0 pa magalimoto ambiri.

Koma lamulolo linali la utsi basi. Mabuleki a ABS, ma airbag, loko wa makiyi amene amaletsa injini kulira ngati kiyi si yake, ndi makompyuta ena ambirimbiri amene galimoto yamakono imanyamula, zonsezo zidatsala kunja. Mu 2000 mudakhazikitsidwa bungwe la NASTF loti lizimva madandaulo a amakaniko osowa malangizo. Mu 2001 bilu yoyamba ya ufulu wokonzetsa galimoto kumene mwini wake akufuna idafika ku nyumba ya malamulo ku Washington, koma siidadutse, ndipo mpaka lero lamulo lotere la dziko lonse la America kulibe. Mu 2002 makampani adalonjeza mwa kufuna kwawo kuti ayika malangizo pa intaneti. Adayikadi. Mtengo adatchula okha.

Chimene makaniko amagula

Tisanalowe m'milandu, tione kaye katundu amene akukanganirana, chifukwa si chinthu chimodzi.

Choyamba ndi buku lenilenilo la kakonzedwe: mapu a mawaya, mphamvu yomangira mabawuti, mtundu wa oyilo, ndondomeko yomasulira ndi kubwezera. Masiku ano si buku la mapepala, ndi webusaiti ya kampani: Toyota ili ndi TIS, Volkswagen ili ndi erWin, General Motors imagulitsa kudzera ku ACDelco. Umalipira masiku angapo, mwezi, kapena chaka. Kenaka pali pulogalamu yolankhula ndi makompyuta onse a m'galimoto, yozama kuposa sikana wamba: Techstream ya Toyota, CONSULT ya Nissan, HDS ya Honda, XENTRY ya Mercedes-Benz, ISTA ya BMW, ODIS ya Volkswagen. Imeneyi ili ndi malipiro akenso, ndipo imafuna kachipangizo kolumikizira laputopu ku galimoto. Chachitatu ndi chilolezo cholemba pulogalamu yatsopano mu kompyuta ya galimoto. Ichi anthu ambiri sachidziwa: pa magalimoto ochuluka a masiku ano, ukagula kompyuta yatsopano ya giyabokosi kapena ya chiwongolero n'kuimanga bwinobwino, siigwira ntchito mpaka iuzidwe kuti ili m'galimoto iti. Pa ma BMW ambiri ngakhale batire yatsopano imafuna kuilembetsa mu kompyuta kuti izitchajidwa moyenera. Galasi la kutsogolo likasinthidwa pa galimoto yokhala ndi kamera yoona msewu, kamerayo iyenera kuwongoleredwanso potsata miyeso ya kampani. Chachinayi ndi manambala achinsinsi a makiyi, amene ku America amaperekedwa kwa okhawo amene afufuzidwa mbiri yawo ndi kulembetsedwa kudzera ku NASTF.

Mitengo imasiyana kampani ndi kampani ndipo imasintha kawirikawiri, koma kaonekedwe kake n'kofanana: madola makumi angapo pa masiku owerengeka a kuwerenga buku, ndipo madola opitirira 1,000 pachaka, kwa makampani ena masauzande angapo, ukafuna ndi pulogalamu yomwe.

Munthu angati ndalama imeneyo si yambiri kwa bizinesi ya ku America. Kwa dila si yambiridi. Tiyerekeze ndi manambala ongopeka kuti masamu aoneke. Tinene kuti kampani iliyonse imalipiritsa madola 1,500 pachaka. Dila amakonza mtundu umodzi wokha wa galimoto. Akakonza magalimoto 3,000 pachaka, galimoto iliyonse yamudyera theka la dola. Galaji yoima payokha imalandira mitundu khumi, ndiye kuti madola 15,000, ndipo ngati imakonza magalimoto 1,000 ndiye kuti madola 15 pa galimoto. Zikadali zopiririka. Vuto lili pa mtundu umene umabwera mwa apo ndi apo. Volvo zisanu pachaka, aliyense wa eni ake angafunike kusenza madola 300 makaniko asanagwire n'komwe sipanala. Palibe kasitomala angavomere, choncho mwini galaji amangoti, "Imeneyi pitani nayo kwa dila." Palibe amene wamuletsa kugula malangizo. Mtengo wofanana kwa onse wagwira ntchito imene chiletso chikadagwira.

N'chifukwa chake magalaji ambiri amadalira makampani ophatikiza malangizo a mitundu yonse pamalo amodzi, monga ALLDATA ndi Mitchell 1 ku America kapena Autodata ku Ulaya, ndi masikana a Autel, Launch kapena Snap-on amene amalankhula ndi magalimoto ambiri. Zimenezi zimathandiza pa ntchito za tsiku ndi tsiku, koma zimatsalira m'mbuyo pa magalimoto atsopano, ndipo nazonso zimafuna kulipiridwa chaka ndi chaka.

Nanga n'chifukwa chiyani madila amaiona nkhaniyi ngati ya moyo ndi imfa? Chifukwa phindu lawo lalikulu silili m'chipinda chonyezimira cha magalimoto atsopano, lili kuseri, kumene kuli mapiti ndi masipeya. Ziwerengero za bungwe la madila la ku America, NADA, za zaka za Covid isanabwere zinkaonetsa kuti sevisi ndi masipeya zinkabweretsa gawo laling'ono la ndalama zolowa koma pafupifupi theka la phindu. Ndipo magalimoto a ku America akukalamba: mu 2024 msinkhu wapakati unafika zaka 12.6. Galimoto imakhala pa waranti zaka zochepa, zaka zina zonsezo n'zolimbirana.

Massachusetts

Poona kuti ku Washington sizikuyenda, olimbikitsa ufuluwu adapita ku chigawo chimodzi, Massachusetts, kumene nzika zimatha kuvotera lamulo mwachindunji. Mu November 2012 anthu 86 pa 100 aliwonse adavomera kuti makampani azigulitsa kwa eni magalimoto ndi magalaji malangizo ndi zida zomwezo zimene amapatsa madila, pa mtengo wachilungamo. Makampani adaopa kuti chigawo chilichonse chipanga lamulo lakelake, motero mu January 2014 adasayina mgwirizano woti zimene zili m'lamulo la Massachusetts azizitsata m'dziko lonse, ndiponso kuti kuyambira magalimoto a 2018 makaniko azitha kugwiritsa ntchito laputopu wamba ndi kachipangizo kamodzi kofanana m'malo mogula chida cha kampani iliyonse. Kumeneku kunali kupambana kwenikweni, chifukwa kudachotsa mtolo wogula zida khumi.

Mgwirizanowo udasiya dala chinthu chimodzi: uthenga umene galimoto imatumiza yokha ku kampani kudzera pa netiweki ya foni. Galimoto yamakono imadziwa kuti mabuleki akutha, imauza kampani, kampani imatumizira mwini wake uthenga womuitanira kwa dila wapafupi. Galaji ya pakona imamva nkhaniyo ntchito itagwiridwa kale. Mu November 2020 anthu a ku Massachusetts adavotanso, ndipo pafupifupi 75 pa 100 aliwonse adati uthengawo uzifikanso kwa mwini galimoto ndi makaniko amene iye wamusankha, kuyambira magalimoto a 2022. Kampeni yake inali yonyansa. Makampani adaulutsa malonda pa wailesi ya kanema osonyeza mayi akutsatidwa ndi chigawenga pamalo oimika magalimoto, kuti anthu aope kuti achifwamba azidziwa kumene iwo ali. Mbali ziwirizi zidawononga madola pafupifupi 50 miliyoni. Tisanamizanenso kuti inali nkhondo ya makaniko wosauka ndi chimphona: ndalama zambiri za mbali ya magalaji zidachokera kwa ogulitsa masipeya akuluakulu monga AutoZone ndi O'Reilly, amene bizinesi yawo imafa magalaji oima paokha akafa.

Voti itangotha, bungwe la makampani la Alliance for Automotive Innovation lidakasuma ku khoti. Subaru ndi Kia zidasankha kungozimitsa mautumiki a pa netiweki m'magalimoto atsopano ogulitsidwa ku Massachusetts. Mu June 2023 nthambi ya boma yoona za chitetezo cha pamsewu, NHTSA, idalembera makampani kuti asatsate lamulolo poopa akuba a pa kompyuta, kenaka mu August idafewa n'kunena kuti n'zotheka ngati uthengawo ukudutsa pa njira yapafupi monga Bluetooth. Mlanduwo udagona m'khoti zaka zinayi mpaka woweruza Denise Casper adautaya mu February 2025, ndipo makampani adachita apilo. Pakati pa zonsezi chigawo cha Maine chidavotera lamulo lofanana mu November 2023, anthu 84 pa 100 aliwonse atavomera.

Amene adalimba mtima kukhudza mtengo

Lamulo la ku Massachusetts limafuna mtengo wachilungamo koma silitchula nambala, ndipo mwini galaji wa antchito anayi alibe nthawi kapena ndalama zokatsutsira Mercedes-Benz pa nkhani ya chilungamo cha mtengo. Ulaya idayesa kumanga nkhaniyi molimbirapo. Mu 2007 European Commission, nthambi yoyendetsa ntchito za mgwirizano wa maiko a ku Ulaya wa European Union, idamanga DaimlerChrysler, Toyota, General Motors ndi Fiat ndi malonjezo okakamiza oti zizipereka malangizo kwa magalaji oima paokha. Lamulo la utsi la chaka chomwecho, nambala 715/2007, lidati malipiro asakhale ofooketsa wofuna malangizo ndipo aziganizira kuchuluka kwa mmene iye akuwagwiritsira ntchito. Malamulo a ku Ulaya amafuna kuti makaniko azitha kugula ngakhale ola limodzi lokha, tsiku, mwezi kapena chaka.

Ganizo la ola limodzili ndi limene, mwa kuona kwanga, lili ndi nzeru kuposa ena onse. Zili ngati bandulo ya intaneti: kampani ya foni itati izigulitsa ya chaka chathunthu yokha, ambiri a ife tikadakhala opanda intaneti ngakhale palibe watiletsa. Volvo zisanu zija zimakonzeka bwinobwino ngati makaniko angagule maola awiri pa iliyonse n'kuika ndalamayo pa bilu ya kasitomala.

Australia idatsata njira yomweyo. Kuyambira pa 1 July 2022, makampani ayenera kugulitsa malangizo a magalimoto opangidwa kuyambira 2002 pa mtengo wosapitirira wa pamsika, ndipo bungwe loona za mpikisano la ACCC lili ndi mphamvu yolanga. Mu 2024 Honda Australia idalipira chindapusa cha madola a ku Australia 18,780 pa chifukwa chenicheni chimene tikukambachi: ACCC idati kampaniyo inkagulitsa pulogalamu yake yoyezera magalimoto pachaka pokha, osapereka mwayi wa tsiku kapena mwezi. Ndalamayo ndi yochepa kwa Honda, koma idaonetsa kuti boma likuona kagulitsidwe ngati njira ina yotsekera anthu kunja.

Makampani nawo ali ndi mfundo zoti timve. Kulemba malangizo a galimoto imodzi ndi ntchito ya akatswiri ambiri, ndipo wina ayenera kulipira. Madila sapatsidwa ulere: amagula zida zapadera zimene kampani yalamula, amatumiza antchito ku maphunziro, amamanga nyumba motsata mapulani a kampani. Nkhawa ya akuba si yopeka. Mu 2015 ofufuza awiri, Charlie Miller ndi Chris Valasek, adalowa mu kompyuta ya Jeep Cherokee ali kutali n'kuisokoneza ikuyenda pamsewu, ndipo Fiat Chrysler idaitanitsa magalimoto 1.4 miliyoni kuti akakonzedwe. Kuyambira cha m'ma 2018 kampaniyo idayamba kuika mlonda pakati pa kabowo ka OBD ndi makompyuta a m'kati: kuwerenga nambala ya vuto ungawerenge, koma kuifufuta kapena kulamula chipangizo chilichonse, pokhapokha utalembetsa pa intaneti ndi kulipira pachaka. Makampani ena adatengera. Chitetezo n'choona, koma taonani kuti chabwera ndi bilu inanso. Khoti lalikulu la European Union, pa mlandu umene makampani okonza magalimoto a Carglass ndi ATU adasumira Fiat Chrysler, lidagamula mu October 2023 kuti kampani siingaike zofunika zake zoonjezera pa kabowoko kupyola zimene lamulo limalola.

Kufupi ndi kwathu

Amalawi amene amagwira ntchito m'magalaji a ku Johannesburg, Durban kapena Cape Town nkhaniyi idawafika pa 1 July 2021, pamene ndondomeko za Competition Commission, bungwe loona za mpikisano wa malonda ku South Africa, zidayamba kugwira ntchito. Mwini galimoto yatsopano angathe kukachititsa sevisi ku galaji yoima payokha popanda waranti yonse kufa, dila ayenera kulekanitsa mtengo wa galimoto ndi wa pulani ya sevisi m'malo momangirira pamodzi, ndipo makampani ayenera kupereka malangizo ndi maphunziro kwa magalaji ena. Kufooka kwake n'kwakuti ndi ndondomeko zotanthauzira lamulo la mpikisano, si lamulo lokhala ndi zilango zakezake, choncho zimadalira kuti wolakwiridwa akadandaule.

Ku Malawi ndi ku Zambia vuto lili ndi nkhope ina. Ma Sienta, ma Vitz, ma Passo, ma Fit, ma Note ndi ma Demio amene amatsika pa doko la Dar es Salaam adapangidwira msika wa ku Japan. Malamulo onse tatchulawa amathera m'malire a maiko amene adawapanga. Webusaiti ya Toyota ya ku America ili ndi magalimoto a ku America. Sienta kapena Passo simuipezamo, chifukwa sizidagulitsidweko. Malangizo ake enieni adalembedwa m'Chijapani. Ena mwa magalimoto akale a ku Japan ali ndi kabowo komweko ka mano 16 koma kasikana kotchipa sikalankhula nawo, chifukwa OBD-II linali lamulo la ku America, osati la ku Japan. Ngakhale pamene malangizo alipo, amalipiridwa m'madola kapena ma euro pogwiritsa ntchito khadi la kubanki, pamene ku Malawi ndalama zakunja zimasowa ndipo kwacha idagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi mu November 2023.

Zotsatira zake aliyense woyendetsa galimoto akuzidziwa. "Kuika pa kompyuta" kudasanduka ntchito yapayokha, ya munthu woyenda ndi sikana m'chikwama amene amakaniko amamuimbira foni, amalipidwa powerenga nambala, n'kupita. Ena amadalira Techstream yokopera ndi kachingwe kotchipa kochokera ku China, zimene zimathandiza powerenga koma n'zoopsa polemba pulogalamu, popeza kulemba kukadukira pakati kompyuta ya galimoto imatha kufa. Ndipo pamene palibe mapu a mawaya kapena tebulo la oyilo, kuyeza kumalowedwa m'malo ndi kuyesa: sinthani mapulagi, sinthani makoyilo, sinthani sensa, mpaka nyali izime. Giyabokosi ya CVT, mtundu wina wa otomatiki umene uli m'magalimoto ambiri aang'ono ochokera ku Japan, imafuna oyilo wakewake. Kuthiramo oyilo wa otomatiki wamba chifukwa palibe pofunsa kumaiwononga, ndipo giyabokosi ina, ngakhale yakale, mtengo wake umaposa kutali ndalama imene tsamba limodzi la malangizo likadadya.

Ma hybrid, magalimoto oyendera mafuta ndi magetsi monga Aqua, Prius ndi Fit, akuchuluka pa misewu ya Lilongwe, Blantyre ndi Lusaka, ndipo batire yawo yaikulu imanyamula magetsi a mavoti (volts) opitirira 100, pa ina opitirira 200. Mawaya ake amakutidwa ndi mtundu wa olenji, ndipo pali ndondomeko ya kampani yochotsera pulagi yachitetezo ndi kudikira mphindi zingapo munthu asanakhudze chilichonse. Magalimoto amene akugulitsidwa atsopano ku Japan lero, okhala ndi makamera, ma radar ndi alonda a pa kabowo ka OBD ofuna intaneti ndi akaunti yolembetsedwa, ndi omwewo adzadutse pa Songwe zaka zisanu kapena khumi zikubwerazi.